Apongozi anga alibe reji: kodi boma limawathandiza bwanji anthu ochokera kunja?

Amake Tiyanjane, Chadiza: Moni nonse pagulu pano. Pali nkhani yomwe yatisowetsa tulo kunyumba kwathu, mwina alipo odziwa njira. Apongozi anga aakazi anabadwira ku Mozambique, mbali ya Chifunde. Anawoloka kubwera kuno ku Zambia ali mtsikana nthawi ya nkhondo ya Renamo, anafikira kwa abale, kenako anakwatiwa ndi apongozi aamuna, mbadwa ya konkuno. Ana onse anabadwira m'mudzi mwathu. Apongozi aamuna anatisiya chaka chatha. Akomiti ya m'mudzi anawalemba amayiwa kuti azilandira ndalama za boma zothandiza ovutika za Social Cash Transfer popeza maso avuta, koma dzina linabwerera chifukwa alibe reji, chiphaso cha boma chozindikiritsa munthu. Fataleza wotchipa wa boma wa FISP ankatuluka pa dzina la malemu, nayenso waima. Ngakhale simu ya foni yawo ili pa dzina langa. Amuna anga akuti tingodikira olembetsa mareji akadzabwera pasukulu, tikanene kuti anabadwira kuno. Ine mtima ukukana. Timamva pa wailesi kuti boma limathandiza anthu ochokera kunja kukhazikika. Thandizo limenelo lili pakhomo liti?

Mnyamata wa pa Kapata: Amayi, musakwiye nane. Ife nzika a reji yobiriwira tikupanga mizere osapeza kanthu, ndiye boma liyambe kusamala a ku Mozambique? Kwawo kuli mtendere tsopano, boma lawo liliko.

Amake Tiyanjane, Chadiza: Kwawo kuti, achimwene? Munthu anachoka mawere asanagwe, lero ali ndi zidzukulu zomwe zili sekondale. Makolo ake anafera kunkhondo. Manda a mwamuna wake ali kuseri kwa khola lathu. Mukuti akwere basi apite kwa yani?

Aphunzitsi Opuma, Katete: Iwe mwana wa pa Kapata, khala pansi ndikuuze zomwe unaphonya pobadwa mochedwa. Cha m'ma 1980 kuno kumalire sitinkagona. A Renamo ankawoloka usiku, kulanda ng'ombe, kuotcha nkhokwe, ku Chadiza, kuno ku Katete mpaka ku Petauke. Anthu ankabwera kuchokera ku Tete ali ndi kamtolo pamutu basi. Mu 1987 boma linatsegula malo a Ukwimi m'boma la Petauke, pamodzi ndi bungwe la United Nations loona za othawa kwawo la UNHCR ndi a mpingo wa Lutheran, kuti othawa nkhondo achoke pafupi ndi malire. Magalimoto ankayenda m'midzi kutola anthu. Wofika ku Ukwimi ankalembedwa m'buku, kupatsidwa munda, khasu, mbewu, ndi chakudya mpaka atayamba kukolola yekha. Kunamangidwa masukulu ndi zipatala, kunakumbidwa zitsime. Anthu aja analima zoopsa, chimanga ndi nsawawa mpaka kugulitsa kwa ife eni dziko.

Koma si onse anakwera magalimoto aja. Ambiri anali ndi amalume awo, azakhali awo mbali ino, chilankhulo chimodzi, gule mmodzi, Gawa Undi mmodzi. Galimoto ikamveka ankathawira kudimba, ikapita n'kubwerera. Mafumu anawapatsa malo, anakwatira, anakwatiwa. Mtendere utasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992, a ku Ukwimi anabwezedwa kwawo mwadongosolo cha mu 1994, malo aja boma n'kuwasandutsa minda yokhazikitsirapo anthu a m'dziko muno. Aja anabisala kwa abale anatsala, ndipo palibe buku la boma lililonse lomwe muli dzina lawo, la kuno ngakhale la kwawo. Apongozi anu, Amake Tiyanjane, ali m'gulu limenelo. Anakhazikika bwino kuposa wina aliyense, n'chifukwa chake lero sakuoneka.

Mnyamata wa pa Kapata: Zikomo aphunzitsi, za Ukwimi ndinkangodziwa kuti ndi minda. Koma funso langa likadalipo. Ndalama zake zichokera kuti?

Mlongo wa pa Desiki ya Malamulo: Ndiyankhe kaye za Amake Tiyanjane chifukwa pali ngozi. Chonde auzeni abambo a kunyumba asayerekeze zonama pa reji. Kunena bodza pa fomu ija ndi mlandu, ndipo wogwidwa si ambuya okha, ndi amene anawaimira umboni yemwe. Choipa china, reji ya bodza ikadziwika imadetsa ndi mareji a ana omwe ali oona.

Njira yoongoka ilipo, kungoti ndi yaitali. Malamulo aakulu a dziko, monga anasinthidwira mu 2016, amati munthu amene ali pa banja, kapena anakhalapo pa banja, ndi nzika ya Zambia kwa zaka zosachepera 5 ali ndi ufulu wopempha unzika ku Citizenship Board. Mawu akuti anakhalapo ndi ofunika kwa inu, chifukwa imfa ya apongozi aamuna siitseka chitseko. Ofesi yake ndi yomwe ija ya mareji ndi mapasipoti, pansi pa unduna wa Home Affairs. Kuyambira chaka chomwecho Zambia imalolanso unzika wa mayiko awiri.

Pomwe pamavuta ndi apa: asanakambe za unzika amafuna kudziwa kuti munthuyu ndi ndani ndipo wakhala bwanji m'dziko. Ndiye a Immigration sangalambalalidwe, ndipo kawirikawiri pamafunika chikalata cha dziko lomwe munthu anabadwira, kutanthauza kazembe wa Mozambique ku Lusaka. Musanapite kulikonse sonkhanitsani zomwe zili pafupi: kalata ya amfumu yonena chaka chomwe anafika ndi kuti ukwati unalipo, chidindo cha mfumu yaikulu, reji ya malemu ndi pepala la imfa, mareji a ana, makhadi a sikelo akale ngati chiswe chinawasiya, khadi la ubatizo. Kumaparishi mabuku a ubatizo ndi a maukwati amasungika bwino kuposa m'nyumba zathu.

Amake Tiyanjane, Chadiza: Zikomo kwambiri alongo. Koma mwatchula Immigration, thupi langa lachita tsembwe. Sakawatsekera? Munthu wosaona bwino, n'kumutaya pa boda ya Chanida?

Mlongo wa pa Desiki ya Malamulo: Mantha amenewo ndi omveka, sindingakunamizeni kuti palibe chiopsezo. Pa lamulo la Immigration munthu wopanda chilolezo ali pa mlandu ngakhale atakhala zaka zingati. N'chifukwa chake musawatenge ambuya tsiku loyamba. Apite mwana wawo ndi mapepala, ayambire kwa a Social Welfare a m'boma lanu kapena kwa a Legal Aid Board kuno ku Chipata, nkhani ilembedwe, mukalowe ku Immigration muli ndi wokuperekezani. Kudzipereka wekha uli ndi kalata za mafumu n'kosiyana ndi kugwidwa pa rodibuloko.

Kalembera wa Amfumu, Vubwi: Ine ndimasunga buku la mudzi. Ndikuuzeni zoona, kwathu kuno malire ndi mzere wa pamapu. Pali mabanja nyumba ili ku Zambia, dimba lili ku Malawi. Maliro akachitika mbali iyo adzukulu amachokera mbali ino. Mnyamata wa ku Mchinji akabwera chikamwini, ife timamulandira, timamuonetsa pomanga, timamulemba m'buku. Amalima, amabereka, amaweruza nawo milandu pabwalo. Zaka zikapita ndiye mutu wa banja, koma ku kopaletivu sangalembedwe. Ndiye fataleza amalembetsa mkazi. Banja likasokonekera, bambo uja amachoka ndi thumba la zovala lokha.

Chomwe chimandipweteka n'choti boma limatikhulupirira ife mafumu pogawa malo, limatikhulupirira potsimikiza kuti mwana uyu ndi wa m'mudzi muno atenge reji, koma tikanena kuti munthu uyu wakhala nafe chiyambire nthawi ya Kaunda, kalata yathu imasanduka pepala wamba. Ku Kulamba ku Mkaika mwezi wa Ogasiti mafumu a ku Malawi ndi a ku Mozambique amabwera kudzagwada kwa Gawa Undi, mu 2007 mpaka apulezidenti atatu anakhala pamodzi pamenepo, a Mwanawasa, a Mutharika ndi a Guebuza. Tsiku limenelo tonse ndife amodzi. Lolemba lake, reji.

Bambo a Chisomo, Lundazi: Funso laling'ono. Kodi reji ya pinki ija ndi ya ndani? Alamu anga a ku Mzimba akuti akufuna imeneyo.

Mlongo wa pa Desiki ya Malamulo: Yobiriwira ndi ya nzika. Ya pinki ndi ya anthu a m'mayiko a Commonwealth okhala muno mololedwa, monga a ku Malawi, ndipo Mozambique nayo inalowa Commonwealth mu 1995. Ya buluu ndi ya ochokera mayiko ena onse. Koma alamu anuwo adziwe kuti ya pinki siiperekedwa kwa munthu wongolowera pa boda ya Lusuntha ndi njinga. Poyamba akhale ndi pasipoti ya Malawi ndi pemiti. Ngati anakwatira mlongo wanu, afunse za Spouse Permit. Ndipo ya pinki savotera, komanso siisandutsa munthu nzika.

Wobadwira ku Meheba: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndiloleni ndilankhulepo. Makolo anga anachokera ku Rwanda. Ine ndinabadwira ku Meheba, malo a othawa kwawo ku North-Western, sukulu ndinaphunzira komweko, ku Rwanda sindinapondeko. Pano ndili kuno ku Chipata, ndinakwatira mwana wa Chingoni, ndimagulitsa mu kantemba. Ndikufuna achimwene a pa Kapata amve mmene thandizo la boma limaonekera ukakhala mkati mwake.

Wothawa kwawo akafika, nkhani yake imapita kwa Commissioner for Refugees. Akavomerezedwa amatumizidwa ku malo okhazikitsidwa: Mayukwayukwa ku Kaoma, yomwe ilipo chiyambire 1966, Meheba ya 1971, kapena Mantapala ku Nchelenge komwe kuli a ku Congo ambiri. Kuno kum'mawa kulibe ngakhale amodzi chitsekereni Ukwimi. Kumeneko umapatsidwa malo omanga ndi olima, ana amapita kusukulu, chipatala chilipo, ndipo anthu a midzi yozungulira amagwiritsa ntchito sukulu ndi chipatala zomwezo. Pamenepo boma la Zambia ndimalivulira chipewa, mayiko ena amakutsekera mu mpanda wa waya n'kumakuponyera ufa.

Koma kutuluka pageti umafunika pasi ya masiku owerengeka. Kukhala m'tauni umafunika chilolezo chapadera, cha matenda, cha sukulu kapena cha ntchito. Kulembedwa ntchito umafunika pemiti ngati mzungu wa ku migodi. Mnzanga wina anakhoza bwino giredi 12 kuposa tonse, koma ngongole ya boma ya ku yunivesite imafuna reji yobiriwira. Pano amawotcha makala.

Mnyamata wa pa Kapata: Koma iwe unabadwira muno. Si ndiwe mZambia basi?

Wobadwira ku Meheba: Ayi achimwene. Muno kubadwira sikokwanira, pamafunika kuti mmodzi mwa makolo ako akhale nzika. Ana anga ndi a Zambia chifukwa cha amayi awo. Ine bambo wawo ndine mlendo m'nyumba mwanga momwe.

Ndipo pali china chomwe anthu sadziwa. Uthawi umatha. A ku Angola unawathera mu Juni 2012, ife a ku Rwanda akale mu Juni 2013. Boma linalonjeza kukhazikitsa a ku Angola 10,000, pambuyo pake a ku Rwanda 4,000, kuti apatsidwe mapemiti okhalira muno ndi minda. Mbali ina ya Meheba ndi ya Mayukwayukwa inadulidwa kukhala minda yokhazikitsirapo anthu, pansi pa ofesi ya Wachiwiri kwa Pulezidenti, ndipo mapuloti ankagawidwa mosakaniza, apa wa ku Angola, apa mZambia, kuti anthu asakhale m'magulumagulu. Nzeru imeneyo inali yabwino. Chomwe chinatikola ife ndi pasipoti. Kuti upeze pemiti yokhalitsa umayenera kuonetsa pasipoti ya dziko lako. A ku Angola ambiri analandira zawo. Bambo anga anakana kwamtuwagalu kupita kwa kazembe wa Rwanda, ankati kulemba dzina kumeneko n'kudziulula kwa anthu omwe unawathawa. Anamwalira ali ndi pemiti ya kanthawi m'thumba la jekete, atakulunga mu pulasitiki ya shuga.

Anamwino a Usiku: Pepani achimwene a ku Meheba. Ine ndionjezere za kuchipatala. Kwathu odwala sitiwafunsa kuti mwachokera mbali iti tisanawaone. Mayi wa pakati akabwera pa ngolo usiku kuchokera kutsidya, timamubereketsa. Katemera timabaya mwana aliyense, chifukwa chikuku ndi kolera sizionetsa pasipoti pa boda. Zipatala za mishoni monga Mwami ndi St Francis ku Katete zakhala zikulandira anthu a mbali zonse kuyambira kale.

Pomwe ndimadandaula ndi pa mapepala a ana. Mayi wopanda reji amaopa kulembetsa mwana, amangotenga khadi la sikelo n'kuthawa. Ena amapereka dzina la mnansi. Mwanayo akafika zaka 16 kukatenga reji, dzina la pa khadi ndi lina, la kusukulu ndi lina, bambo anamwalira kapena anapita ku Joni osabwerera. Mwana woti ndi nzika yeniyeni kudzera mwa bambo ake amayamba kuvutika ngati mlendo. Amayi muli pagulu pano, ngati bambo wa mwana ali ndi reji yobiriwira, mukokereni kuchipatala akalembetse mwana akadali wakhanda, satifiketi ya kubadwa ituluke. Musadikire kuti mwamuna adzakhalapo mpaka kale.

Aphunzitsi Opuma, Katete: Anamwino anena zoona. Kusukulu nakonso chiyambire maphunziro aulere mu Januwale 2022 ana a kutsidya achuluka m'masukulu a m'malire, ndipo aphunzitsi sawabweza. Vuto limadza pa mayeso ndi pa basale ya CDF, ndalama zachitukuko za m'dera la phungu, pamene mapepala ayamba kufunsidwa.

Mnyamata wa pa Kapata: Ndiye mwaona? Makalasi adzaza kale, ana akukhala pansi, mankhwala akusowa, ndiye tikuonjezanso a kutsidya. Ine sindidana ndi munthu, koma CDF ija anaikweza kufika K25.7 miliyoni mu 2022 ndi ya ife okhoma msonkho.

Amake Mphatso, wa pa Mwami: Iwe mwana iwe, msonkho umakhoma ndi iwe wekha? Ambuya a ku Chadiza aja alima thonje ndi chimanga m'dziko muno zaka zonsezi, chinadyedwa ku Maputo? Akagula sopo ndi mafuta m'sitolo msonkho sadulidwa? Ndipo ife tikadwala mbali ya kuno kumalire sitipita ku Mchinji? Kwacha ya ku Malawi itagwa ndani ankathamangira kutsidya kukagula shuga ndi zitenje motchipa? Usandiyankhulitse pambali.

Mnyamata wa pa Kapata: Amayi mwandikalipira ngati ndaba nkhuku. Chabwino, za ambuya ndavomera. Koma awa odzaza m'makontena awa, a ku Ethiopia, nawonso tiwapatse minda?

Mlongo wa pa Desiki ya Malamulo: Amenewo nkhani yawo ndi ina, ndipo safuna n'komwe kukhala muno, ulendo wawo ndi wa ku South Africa. Amalipira anthu owazembetsa, amadutsa Kenya, Tanzania, Malawi, n'kulowa muno kudzera njira zachidule. Mukukumbuka mu Disembala 2022 mitembo 27 inapezeka itatayidwa ku Ngwerere pafupi ndi Lusaka, patangopita miyezi iwiri chipezekereni manda a anthu ambiri m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba. Ambiri mwa iwo ndi anyamata ang'onoang'ono. Akagwidwa, wamkulu amapita kukhoti, akamaliza chilango amadikira tikiti yobwerera, nthawi zina nthawi yaitali kuposa chilango chenichenicho. Koma mwana sayenera kugonekedwa ndi akaidi akuluakulu. Children's Code Act ya 2022 imateteza mwana aliyense ali m'dziko muno, ndipo woyenera kuitanidwa ndi wa Social Welfare kuti amupezere malo otetezeka, afufuze abale, abwezedwe bwino, nthawi zambiri mothandizana ndi bungwe loona za anthu osamuka la IOM. Tilinso ndi lamulo loletsa kuzembetsa anthu la 2008.

Koma tisaloze ku Ethiopia kokha. Tiyang'ane m'makola mwathu. Kamnyamata ka zaka 10 kochokera ku Malawi kapena ku Mozambique kakuweta ng'ombe za munthu zaka zingapo, osaponda m'kalasi, pa lonjezo la kang'ombe kamodzi pamapeto. Matenanti a fodya obwera ndi banja lonse, kudya pa ngongole chaka chathunthu, fodya akagulitsidwa bwana n'kunena kuti mitengo inagwa. Akadandaula amawaopseza kuti ndikuitanira a Immigration. Amenewonso ndi ochokera kunja, ndipo owadyera masuku pamutu ndife tomwe.

Kalembera wa Amfumu, Vubwi: Alongo mwagunda pachilonda. Milandu ya matenanti imafika pabwalo pathu chaka chilichonse ikatha misika. Ife timaweruza kuti alipidwe, koma tenanti sangapite patsogolo bwana akakana, amaopa kukhoti. Anthu ambiri sadziwa kuti ukabedwa kapena kumenyedwa uli ndi ufulu wodandaula ngakhale ulibe pepala.

Bambo a Chisomo, Lundazi: Ine ndili ndi dandaulo pa maofesi. Ndinaperekeza munthu wina ku ofesi ina, sinditchula. Tinauzidwa kuti mafomu onse tsopano ndi a pa intaneti. Munthu wake sadziwa kulemba dzina lake, foni yake ndi ya mabatani. Tinapita ku kafe, mnyamata wa pamenepo anatidula ndalama yoti n'kugula thumba la ufa, pomaliza netiweki inagwa. Pobwerera ku ofesi kuja, panja pali anyamata a mataye akuti tipatseni kangachepe tikuthamangitsireni. Ndiye mukamati thandizo lilipo, lilipo kwa amene ali ndi ndalama ya basi, ya mafotokope, ya zithunzi ndi ya malo ogona. Zambiri zimathera ku Lusaka, pafupifupi makilomita 570 kuchokera ku Chipata. Wa ku Chama kapena ku Vubwi aziyamba wagulitsa mbuzi.

Anamwino a Usiku: Anyamata a matayewo musawapatse kanthu. Ndalama ya boma imakhala ndi lisiti.

Wobadwira ku Meheba: Bambo a Chisomo anena zomwe zili mumtima mwanga. Pamapepala zinthu zasintha ndithu. Lamulo la othawa kwawo la 2017 linalowa m'malo mwa lija la 1970 lomwe ntchito yake inali kungotilondera. Mu 2024 boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza othawa kwawo, yokamba zoti tiziphatikizidwa m'mapologalamu a boma monga anthu ena onse, osati kumangodalira mabungwe. Koma wapolisi wa pa rodibuloko ya pa Great East Road sanaiwerenge ndondomekoyo, iye amafuna pasi.

Ndipo pali chinthu chomwe ofesi siingapereke. Mu Epulo 2016 ku Lusaka kunabuka mphekesera yoti a ku Rwanda akupha anthu kuti atenge ziwalo, mashopu anaphwanyidwa m'makomboni, anthu anathawira kutchalitchi cha St Ignatius. Ine ndinali kale kuno. Usiku umenewo apongozi anga anabwera ndi mpando n'kukhala pakhomo pa kantemba kanga, chibonga chili pamiyendo. Anati aliyense wofuna kuswa ayambe waswa ine. Palibe anabwera, Chipata inali phee, koma m'mawa mwake azimayi a mu komboni anabwera kudzagula mchere ndi machesi omwe sankawafuna n'komwe. Ku Malawi mu 2023 munaona mmene anawasonkhanitsira anzathu m'matauni kuwabwezera ku kampu ya othawa kwawo ya Dzaleka, ena atakhala m'makomboni zaka zambirimbiri. Ndikamaona zimenezo ndimadziwa kuti popanda pepala lokhalitsa, ubwino wa anansi ungathe kukusunga lero, mawa lamulo n'kukunyamula.

Mnyamata wa pa Kapata: Apongozi akowo ndi mwamuna. Ukandiuze kantemba kako kali pati ku inibokosi, ndizigula kwa iwe. Koma ngongole uzipereka.

Wobadwira ku Meheba: Ngongole inathetsa chibale, achimwene. Bwerani ndi ndalama.

Aphunzitsi Opuma, Katete: Ine maganizo anga ndi awa, ndipo ndinawanenapo pamsonkhano wina makhansala alipo. Zomwe boma linachitira a ku Angola lingathe kuchitira okalamba a ku Mozambique omwe anatsala kuno. Si ambiri, ndipo akutha ndi imfa. Olembetsa mareji amayenda kale m'midzi chisankho chikayandikira, ndi makamera awo ndi majenereta. Bwanji ulendo umodzi asayende pamodzi ndi a Immigration ndi a kazembe wa Mozambique, akhale pansi pa mtengo kwa mfumu, buku la mudzi lili potero, nkhalamba iliyonse ifunsidwe pamaso pa anthu omwe akuidziwa? Wonama angaonekere pomwepo, m'mudzi simubisika munthu. Koma poti nkhalambazi sizivota, palibe phungu amene nkhaniyi imamuyabwa.

Kalembera wa Amfumu, Vubwi: Ana awo ndi zidzukulu zawo amavota, aphunzitsi. Kungoti sitinayambe taiika nkhaniyi patebulo aphungu akabwera, timangopempha milatho ndi zigayo. Ndikawauza amfumu aitengere ku msonkhano wa mafumu.

Amake Tiyanjane, Chadiza: Ndawerengera amuna anga zonse. Poyamba anakwiya, akuti pagulu mwandiyalutsa, koma za bodza zija azisiya. Khadi la ubatizo lapezeka m'sutikesi ya malemu, muli ndi dzina la parishi. Funso lomaliza alongo: pomwe tikuyendetsa zimenezi, fataleza titani? Mvula siidikira.

Mlongo wa pa Desiki ya Malamulo: Munda ukulimidwa ndi banja, ndiye mwana wawo amene ali ndi reji yobiriwira ndipo sali kale pa mndandanda akaonane ndi alangizi a zaulimi a kempu yanu ndi akomiti ya kopaletivu, atenge pepala la imfa, afunse ngati dzina lingalowe m'malo mwa malemu. Chitani msanga, mindandanda imatsekedwa mvula isanagwe. Za Social Cash Transfer afotokozereni a Social Welfare mmene pakhomo palili, thandizo lija limayang'ana banja lonse, mwina pali njira yomwe akomiti ya m'mudzi sanaiganizire. Sindikulonjeza, koma kafunseni.

Woyang'anira Gulu: Chonde abale, musaike zithunzi za mareji kapena mayina enieni a anthu opanda mapepala pano. Ndachotsa ziwiri kale. Gulu lino lili ndi anthu ambiri omwe sitiwadziwa.

Bambo a Chisomo, Lundazi: Amake Mphatso, poti muli pa Mwami, alamu anga aja akufunanso kumabweretsa mpunga wa Kilombero kudzagulitsa kuno. Azidutsa bwanji osalandidwa?

Amake Mphatso, wa pa Mwami: Asiye njira za kutchire, n'zomwe zimadyetsa anthu ndalama. Chitsegulireni boda yatsopano ija mu Disembala 2022, a Hichilema ndi a Chakwera atabwera, maofesi a mayiko onse awiri ali pamodzi, umaima kamodzi basi. Kwa ife a katundu wochepa pali dongosolo la amalonda ang'onoang'ono la bungwe la zamalonda la mayiko la COMESA, katundu wosapitirira madola 2,000, fomu yake ndi yaifupi, ndipo pali desiki ya bungwe la amalonda odutsa malire pomwe amakuthandiza kulemba. Koma ayambe wafunsa ngati mpunga uli pa mndandanda wa katundu wololedwa ndiponso ngati Malawi sinatseke kutulutsa, chifukwa zakudya amatsekatseka chaka cha njala, komanso a zaulimi amafuna mapepala awoawo. Kwa a Immigration apemphe Cross Border Permit, asamagulitse pa chidindo cha mlendo wongocheza. Akafika pa Mwami andifunse kwa azimayi ogulitsa nthochi pafupi ndi pokwerera matakisi, Lachiwiri ndi Lachisanu ndimakhalapo kuyambira m'mawa.